Chambo cha a Chande Chaima

"Ndani wapha chambo changa?"

A Chande, eni ake a loji, anafunsa ali chiimire pakhomo la ofesi, chala chikuloza kompyuta. A Nester, amene ankaphikira alendo ndipo anali atabwera kudzatenga kiyi wa sitolo, anayamba kuyang'ana kudenga ngati kwamera chachilendo. Madina, mwini mpando wa pakompyutapo, anapitiriza kupukuta fumbi pakati pa mabatani ndi kansalu.

Chambocho chinalipo ndithu pa sikirini, koma chinali chitaima pakati pa tsamba, kukamwa kuli yasa, mchira utapindikira kumodzi. Dzuwa la pakona linali litaleka kuzungulira. Mbendera inali itauma ngati chovala choiwalika pa chingwe. Ndipo dzina la lojiyo, limene masiku onse linkaphethira mofiira ndi mwachikasu, mofiira ndi mwachikasu, osapuma, linangokhala duu, lofiira basi.

Lojiyo inali ku Ngala, m'mphepete mwa nyanja, tinyumba tochepa ta udzu ndi malo odyera osagulitsa mowa. A Chande kale ankanyamula usipa pa lole kupita nawo ku Kasungu. Matipate atabwera, aliyense atayamba kusindikiza khadi la bizinesi, iwo anagulitsa lole n'kumanga loji. M'chaka cha 2002 mphwawo Ikram, mwana wa mlongo wawo, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe, anawapangira tsamba la pa intaneti kuti alendo akunja adziwe kuti Ngala iliko. A Chande analamula chinthu chimodzi chokha: chilichonse chiziyenda. Ankati chinthu chongoima anthu amachiyesa chotseka, ngati golosale ya munthu amene wapita kumaliro. Ikram anawamvera amalume ake mpaka kupitiriza muyeso, ndipo anakonza kompyuta ya mu ofesi kuti tsambalo lizikhala loyamba kutseguka munthu akangolowa pa intaneti.

Tsiku limene anawaonetsa, Ikram ananena mwanthabwala kuti tsopano dziko lonse likuchiona chambo chawo. A Chande mawuwo anawasunga, nawaonjezera zawo. Kwa iwo chambo chinkasambira chifukwa kwinakwake kunali mzungu amene ankachiyang'ana. M'mawa uliwonse pochokera ku mzikiti ankadzera ku ofesi, kumuuza Madina kuti alumikize kompyuta ku foni, n'kuima kumbuyo kwake manja ali kumsana. Chambo chikadutsa mwaliwiro ankati lero achuluka. Chikamayenda modukizadukiza, monga kompyuta yakaleyo inkachitira ikalemedwa, ankati lero ndi nkhalamba zokhazokha, kapena kwawoko kukuzizira. Antchito onse anatengera. A Nester sankatuma munthu ku Dwangwa kukagula mazira asanafunse kuti chambo chikuti bwanji lero.

Madina ankadziwa kuti nsombayo imasambira ngakhale utazula waya wa foni pakhoma. Anali atayesapo. Sanawauze, chifukwa sanamulembe ntchito yolanda munthu wamkulu chisangalalo chake.

Panalinso china chimene sanawauze.

Khunyu linamuyamba ali Fomu 2, m'kanyumba koonetsera kanema pa boma la Nkhotakota, tsiku limene tepi inali yotha ndipo chithunzi chinkangothwanima. Atatsitsimuka anapeza m'nyumbamo muli zii, mabenchi atagwa, masilipasi a anthu ali mbwee. Onse anali atathawa, poopa kuti akapuma mpweya wake kapena kukhudza thovu la kukamwa kwake nawonso ayamba kugwa. Mayi ake anamusamutsira kwa azakhali ku Salima, kumene kunalibe omudziwa. Dokotala wina kumeneko anamupatsa timapiritsi toyera tomwa tsiku ndi tsiku, namuuza kuti matendawo sapatsirana, kuti azigona mokwanira, ndiponso kuti iyeyo makamaka azipewa kuwala kophethira. Anamvera. Anamaliza sukulu, anaphunzira kompyuta, anapeza ntchito ku Ngala, ndipo zaka zinadutsa osagwa.

Mmene khunyu amalilandirira pa lojipo anali ataziona ndi maso. M'chaka chake choyamba, Filipo wosamalira maluwa anagwa pafupi ndi mpope. A Chande sanakalipe. Anamupatsa thumba la mpunga, namuuza mwaulemu kuti malo a pafupi ndi madzi sakumuyenera, apite akapume kwawo ku Benga. Kapu ya pulasitiki ya Filipo a Nester anainyamula ndi kamtengo, nakaiponya m'dzenje la zinyalala, nasamba m'manja mpaka m'zigongono. Madina anaonerera pa zenera. Mapiritsi ake anali m'chikwama, m'kabotolo ka mankhwala a mutu.

Ndiye kunabwera tsamba lija. Poyamba ankalitsegula nkhope itayang'ana kumbali, n'kuthamangira ku makalata a imelo mongopapasa. Koma kompyutayo, polimbana ndi chambo, dzuwa ndi mbendera nthawi imodzi, inkachedwa kumvera, ndipo a Chande sankachoka chambo chisanadutse kangapo. Madina anayesa kutchinga dzina lophethiralo ndi katoni ya sopo. Bwana anaichotsa, namufunsa ngati dzina la loji likumuchititsa manyazi. Posakhalitsa zizindikiro zake zakale zinabwerera: m'kamwa kumveka ngati wanyambita chitsulo, dzanja lamanzere kukhala ngati si lake. Lolemba lina masana, onse ali kuseri kukonza chakudya cha alendo, anatsitsimuka ali pansi pa tebulo, lilime atadziluma, mpango utavuka, mpando utagwera uko. Palibe anaona. Anachukucha m'kamwa, namanga mpango, naimika mpando. Kenako, dzanja limodzi likutchinga maso, anayamba kufufuza m'makonzedwe a pulogalamu yotsegulira masamba. Mkati mwenimweni anapeza kabokosi kochongedwa, kamene kankalola zithunzi kuyenda. Anachotsa kuchongako. Atatsegulanso tsamba lija, chilichonse chinali chitaima, ndipo kompyuta inamvera nthawi yomweyo ngati yatula katundu.

Analiyang'ana nthawi yaitali, maso ali tong'o, koyamba chibwerereni. Ndi pamene anaona kuti chambocho Ikram anachijambula ndi zipsepse za mlamba.

M'mawa mwake ndi pamene a Chande anadzafunsa za wopha chambo chawo. Atasowa woyankha, anayamba ndi kompyuta yomwe. Anaigogoda m'mbali, anaiuzira fumbi, anauza Madina kuti aizimitse ipume. Kenako anatsata waya kuchokera pakhoma mpaka pa mtengo wa kumsewu, akuyang'ana ngati pali pamene makoswe adya. Lachitatu anakwera minibasi kupita ku Dwangwa kukadandaula kwa anthu a mafoni, amene anawauza kuti laini ilibe vuto. Madina anawaonetsa kuti makalata akubwera monga kale. Iwo anati amenewo ndi anthu amene anachiona chambo chisanafe. Akatha amenewa kudzakhala zii. Anayamba kukayikira loji ina ya kumpoto kwawo, imene mwini wake anali atangogula kompyuta. Mwina ameneyo wakokera azungu onse pa tsamba lake.

Mantha a bwana anafika kukhitchini. A Nester anachepetsa mazira. Mlonda anayamba kufunsafunsa ngati ku esiteti ya nzimbe akulemba anthu. Lachinayi a Nester analowa mu ofesi ndi mandazi awiri pa mbale, nakhala pa ngodya ya tebulo monga ankachitira bwana akachoka. Anali mayi wa mawu aakulu, wochokera cha ku Nkhata Bay, amene ankamutenga Madina ngati mwana wawo ndipo ankamunyoza mogwirizana ndi udindowo.

"Mwana iwe, ukulankhula ngati wavumata mbatata yamoto. Wakupsompsona ndani?"

"Ndinadziluma podya, amayi."

"Podya chiyani, iwe wodya ngati mpheta?" Ananyema ndazi limodzi, naluma mbali yawo, inayo n'kumupatsa. Kenako analoza sikirini ndi chibwano, nafunsa motsitsa ngati nsombayo idzadzukanso, chifukwa iwo ana awo ali pa sukulu ndipo pa msinkhu wawo sangakadule nzimbe. Madina anawauza kuti alendo akubwera, magulu awiri alemba kale za mwezi wamawa, asadandaule. A Nester anamuyang'ana, nati maso a Madina ndi a munthu amene akudziwa kumene kwagona nkhuku yosowa. Anatenga mbale yawo n'kutuluka.

Lachisanu, atachoka ku swala ya Ijumaa, a Chande anaimbira foni Ikram kuti abwere mawa lomwe. Madina anamva zonse, poti foniyo inali pa tebulo lake. Ankadziwa kuti Ikram adzalipeza vutolo osatuluka ndi thukuta lomwe. Bwana atachoka anatsegulanso pa kabokosi paja, naika kamuvi pamwamba pake. Kungodina kamodzi, chambo chikanadzuka, a Chande akanati azungu abwerako ku holide, Ikram akanangomwa tiyi n'kubwerera. Lilime linali likadali lotupa mbali imodzi. Analikhudzitsa ku dzino, natseka osadina.

Ikram anafika Loweruka chakumasana, malaya oyera atafiira ndi fumbi, chikwama cha madisiki chili m'manja. Anali wa msinkhu wa Madina, munthu wanthabwala, woitana mkazi aliyense kuti achemwali. Anamvetsera amalume ake akufotokoza za loji ya kumpoto, akugwedeza mutu mwaulemu, dzanja likuyenda kale ndi mausi. Iwo asanamalize, iye anali atafika pa kabokosi kaja. Anamuyang'ana Madina cham'mbali.

"Achemwali, kabokosi aka sikadzichotsa kokha."

"Ndinachotsa ndine," anatero Madina.

A Chande anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe? Ine ndapita mpaka ku Dwangwa, ndakalipira anthu osalakwa, iwe uli phee pampando?"

Madina anapereka chifukwa chimene anali atakonzeratu, ndipo silinali bodza. Anati tsambalo ndi lolemera, kompyuta inkangoima pakati pa ntchito. Anati mayi Keti, a ku ofesi yotumiza alendo ku Lilongwe, anadandaula pa foni kuti akalitsegula amapita kukathira tiyi, pobwera n'kupeza chambo chatuluka msana wokha. Anati munthu wofuna chipinda amafuna nambala ya foni ndi njira yofikira ku Ngala. Dzuwa lozungulira alibe nalo ntchito, poti kwawonso dzuwa liliko.

Ikram anaseka, navomera kuti pamenepo pali nzeru. Anawafotokozera amalume ake kuti zimene anachita Madina zinakhudza kompyuta ya mu ofesi yokha, kunjako chambo chinkasambira masiku onsewa. Nkhope ya a Chande inamasuka. Anati ndiye kuti azungu analipo nthawi yonseyi, mwanayu anangowatsekera katani. Ikram sanawatsutse. M'malo mwake ananena kuti za kulemera n'zoona, pa mafoni athu ano tsamba lopepuka ndi limene limatseguka msanga.

Anatsatsana ngati pamsika. Dzuwa lichoke, chabwino. Mbendera ichoke, a Chande anavomera monyinyirika. Chambo chitsale, pamenepo panalibe zokambirana. Dzina lophethira, Ikram anati, ndi kanthu kakang'ono kosalemetsa tsamba, likhoza kutsala. A Chande anati ngati ndi choncho aliwonjezere liwiro, ligwire ndi ntchito ya anzake ochokawo.

Ikram anachonga kabokosi kaja. Madina anali atatembenukira kale ku zenera, koma kuwalako kunkagunda pakhoma loyera, kufiira, chikasu, kufiira, ndipo kunamupeza m'mphepete mwa diso. Anatsinzina.

"Khala pampando wako," anatero a Chande, mawu atafewa poti chambo chawo chinali chitadzuka. "Nkhani yatha, ndakukhululukira. Tsegula makalata tione amene atilembera."

"Sindikhala."

"Wati bwanji?"

Madina anatambasula dzanja, maso ali chitsinzinire, napapasa m'munsi mwa sikirini mpaka anapeza batani. Anadina. Atatsegula maso, khoma linali loyera.

A Chande anayang'ana sikirini yakudayo, nayang'ana mphwawo ngati akufuna mboni. Ananena motsitsa kuti chiyambireni loji palibe wantchito amene anawazimitsirapo chinthu pamaso, ndipo ngati ntchito yamukwana anene, atsikana a masatifiketi angoti mbwee pa Dwangwa. Ikram anayesa kuponyapo nthabwala, kuti mwina achemwali sagwirizana ndi chikasu, masiku ano mitundu ili ndi eni ake. Palibe anaseka.

"Ndimagwa khunyu," anatero Madina. "Kuphethira kumeneko kumandigwetsa. Kunandigwetsa Lolemba, pansi pa tebulo ili."

A Chande anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda kabati. Dzanja la Ikram linanyamuka lokha pa mausi ngati lakhudza mbaula. Kenako anachita manyazi, nalibwezera pomwepo, nkhope itazyolika.

Bwana anafunsa kuti zinayamba liti. Madina anati asanamulembe ntchito. Iwo anati ndiye kuti anawanamiza. Iye anati anamufunsa ngati amadziwa Chingerezi ndi kompyuta, ndipo zonse ziwiri amazidziwa. Anati amamwa mankhwala, ndipo pa lojipo sanagwepo mpaka dzina linayamba kuphethira. Anatinso tiyi amene bwana ankamwa m'mawa uliwonse ataima kumbuyo kwake ankathira ndi iyeyo, koma bwana mpaka lero sanagwe. A Chande anameza malovu, ndipo zinaoneka kuti sanafune kuwameza.

Ikram analankhula osayang'ana munthu. Anati kunjako aliponso anthu otere, ena zoyendayenda zimangowachititsa chizungulire, ena maso awo satha kuwerenga pamene pali chinthu chikuvina pambali. Anati zimenezi anaziwerengapo, koma sanaganize kuti zingafike ku Ngala. Akhoza kuliimitsa tsamba lonse lero lomwe, kwa aliyense.

"Iwe wachita zako, khala chete," anatero a Chande.

Anapita pakhomo, nasuzumira kunja. Kukhitchini kunkamveka a Nester akukalipira munthu za anyezi, Chichewa chikusakanikirana ndi Chitonga. A Chande anatseka chitseko, natsekanso zenera, ngakhale m'kaofesimo munali mukutentha kale. Kenako anakhala pa mpando wa alendo, chinthu chimene sankachita, nayamba kulankhula ngati bambo.

Anati iwo si munthu woipa. Anati Madina ndi mwana wa anthu odziwika, malemu bambo ake ankaswali nawo mzikiti umodzi, ndipo makalata a azungu palibe wina angawayankhe mwaulemu wotero. Ntchito ikhala yake. Kompyuta ya mu ofesi Ikram aiimitsenso zithunzi. Iwo chambo azikachionera kwina akapita ku tauni. Koma tiyi asiye kuthira, kukhitchini asamalowe, alendo asamawaperekeze kugombe. Ndipo chachikulu, nkhaniyi ithere m'chipinda momwemo. Ikangotuluka, ophika athawa, mlonda athawa, asodzi aleka kubweretsa nsomba, ndipo pofika pa Dwangwa idzakhala yakuti pa loji ya a Chande pali matenda. Zikadzatero iwo sadzatha kumuteteza, adzangoyenera kumuchotsa.

"Wamva, mwana wanga? Ndi zochepa. Wabisa zaka zonsezi, kwa iwe si zachilendo."

Madina anawayang'ana. Anaona kuti akunena ndi mtima wonse, ndipo akudikira zikomo. Ikram nayenso ankamugwedezera mutu pang'onopang'ono, kumuuza ndi maso kuti alandire, izi zaposa zimene munthu angayembekeze. Zinalidi choncho. Mayi ake akanakhalapo akanagwada pansi n'kuombera m'manja.

Madina anakonza mpango wake, nakankhira mpando pansi pa tebulo, natsegula chitseko.

"Ndikukawauza a Nester," anatero. "Ndikachoka kumeneko ndikauza alonda."